MAU AMODZI, NCHITO ZIWIRI

Mau okambidwa kwa aphunzitsi ndi makolo pa Magomero, m'boma la Chiradzulu.

Mwana wa sukulu akaona mau akuti "Store in a cool place" pa botolo la mankhwala, kawiri-kawiri aganiza kuti akunena za sitolo ya pa malo ozizira. Koma iai. Mauwo atanthauza kuti, "Sungani pa malo ozizira." Mankhwala akasiyidwa pa dzuwa cifukwa ca kusamva kotere angathe kuonongeka, ndipo wobvutika ndiye wodwala. Cifukwa cace nkofunika kuti ana aphunzire kusiyanitsa dzina ndi mneni m'Cingelezi.

Dzina ndi mau ochula munthu, malo kapena cinthu, monga mlimi, Zomba, khasu. Mneni ndi mau onena zimene zicitika, monga lima, phika, yenda. M'Cicewa mau asintha maonekedwe pamene asintha nchito: kulima, mlimi, ulimi. Ngakhale mau obwereka kwa Azungu abvekedwa cobvala comweco, pakuti pali penti, ndipo pali kupenta. Koma m'Cingelezi mau ambiri sasintha konse. "Water" ndi madzi, ndiponso ndi kuthirira. "Milk" ndi mkaka, ndiponso ndi kukama. "Cook" ndi wophika, ndiponso ndi kuphika.

Anthu a pa Magomero sayenera kudabwa nazo izi, popeza citsanzo cacikuru ciri m'mbiri ya dziko lao lomwe. Kuthangata ndi mneni, ndiko kuthandiza mnzako pa nchito. Koma pa minda ya A. L. Bruce Estates anthu okhala pa malowo anali kukakamizidwa kugwira nchito m'minda ya thonje ndi fodya monga malipiro a malo, ndipo nchitoyo inachedwa thangata. Mneni wa cifundo unasanduka dzina la cinthu cowawa. Madandaulo a thangata ndiwo ena mwa zifukwa za nkhondo ya John Chilembwe, pamene woyang'anira mindayo, William Jervis Livingstone, anaphedwa pa Magomero pa 23 January 1915. Thangata inathetsedwa ndi lamulo mu 1962.

Kwa Azungu kunacitika cinthu conga comweco, koma mau anayenda cobwerera, kucokera ku dzina kunka ku mneni. Mu 1880 ku Ireland kunali woyang'anira minda dzina lace Charles Boycott, amene anafuna kucotsa anthu olephera kulipira malo. Anthu anapangana kusamgwirira nchito, kusamgulitsa kanthu ndi kusalankhula naye. Kuyambira pamenepo "to boycott" ndiko kukana munthu kapena malonda ace mopangana. Masiku anonso dzina la Google lasanduka mneni wotanthauza kufuna-funa nkhani pa intaneti.

Tsono mwana adzadziwa bwanji? Mphunzitsi amsonyeze njira zitatu izi.

Coyamba, ayang'ane mau otsogola. Kukakhala "a", "an", "the" kapena "my", kutsogoloko kukudza dzina. Kukakhala "I", "we", "will" kapena "must", kukudza mneni. "The plant" ndi comera, koma "we plant" ndiko kuti tibzala.

Caciwiri, ayese kuika mauwo m'nthawi yapita. Ngati abvomera kunena za dzulo, monga "we planted", pamenepo agwira nchito ya mneni. Dzina liribe dzulo kapena mawa.

Cacitatu, achere khutu ndi kupenya malembo. M'mau akuti "produce", mphamvu ikagwa poyamba ndi zokolola, ikagwa potsiriza ndiko kupanga kapena kubala. "Advice" ndi malangizo, koma "advise" ndiko kulangiza.

Si kwabwino kupatsa ana mndandanda wa mau kuti aloweze kuti awa ndi maina, awa ndi aneni, pakuti mawa lace adzakomana ndi mau omwewo pa nchito yina, nasokonezeka pa mayeso. Mau a Cingelezi afanana ndi munthu amene m'mawa ndi mlimi, madzulo ndi wogulitsa pa msika. Adziwika ndi nchito imene wagwira pa nthawiyo. Mphunzitsi alembe ziganizo zathunthu pa bolodi, ndipo makolo odziwa kuwerenga atenge thumba la feteleza kapena botolo la mankhwala nawerenge pamodzi ndi ana ao. Mwana asafulumire kumasulira mau oyamba asanafike ku mapeto a ciganizo. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.