Mwana Asasowe Pakati pa Khomo ndi Sukulu

Mawu oyankhulidwa pa msonkhano wa makolo, aphunzitsi ndi mafumu a m'wodi



Mwana akavala yunifolomu m'mawa, kholo limakhulupirira kuti wapita kusukulu. Mphunzitsi akaona kuti mwanayo sanabwere, amayesa kuti watsala kunyumba chifukwa cha malungo kapena ntchito za kumunda. Onse awiri alibe mtima woipa, koma palibe amene akudziwa kumene mwanayo ali. Mpata umenewu ndi umene chamba ndi kachasu zimalowerapo: kuseri kwa nyumba zoonetsera kanema, kudambo, kapena pamsika pamene anzake okulirapo amamulawitsa ulere.

Ana ayenera kumva zoona za malamulo. Mu 2020 Nyumba ya Malamulo inavomereza kulima chamba chopangira mankhwala ndi zinthu za m'mafakitale, kwa okhawo amene ali ndi chiphaso. Achinyamata ena anamva ngati boma laloleza kusuta. Si choncho, kusuta chamba kukadali mlandu. Mowa wa m'masacheti boma linauletsa mu 2015, koma mowa waukali wa m'timabotolo totchipa unalowa m'malo mwake. Kugulitsa mowa kwa mwana wosakwana zaka 18 ndi koletsedwanso.

Ayeneranso kumva zoona za thupi lawo. Bongo wa munthu umapitiriza kukhwima mpaka atapitirira zaka 20. Mwana amene wayamba mankhwala ozunguza bongo akadali wamng'ono savuta kukodwa, amaiwalaiwala m'kalasi, ndipo ena amafika podwala matenda a maganizo. Chithandizo chilipo, kuyambira kuchipatala cha boma chapafupi mpaka ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba ndi ku St John of God ku Mzuzu, koma kupewa ndiko kopepuka.

M'mera mpoyamba. Bambo amene amatuma mwana kukagula kachasu kapena kukayatsa ndudu pamoto wamuphunzitsa kale, ngakhale pakamwa akumuletsa. Kholo lidziwe anzake a mwana ndi kumene watenga ndalama zimene lamuona nazo. Maso ofiira, kubwera usiku, kupsa mtima msanga ndi kusowa kwa tinthu ta m'nyumba ndi zizindikiro zofunika kufunsa modekha. Mkwapulo ndi kumupirikitsa pakhomo zimangomupereka m'manja mwa amene anamuyambitsa. Pamene makolo akuchita manyazi, agogo, amalume ndi azakhali akhale naye pansi mwanayo.

Kusukulu kuli phunziro la Life Skills. Lisakhale longoloweza kuti mwana akhoze mayeso. Ophunzira ayeserere m'kalasi mmene angakanire mnzawo akawapatsa ndudu. Mpira, kwaya ndi zisudzo zimadzaza nthawi ya masana imene ana ambiri amangoyendayenda. Wophunzira wogwidwa ndi chamba apatsidwe uphungu makolo ake ali pomwepo, chifukwa kumuchotsa sukulu kokha sikumuchiritsa.

Chofunika koposa ndi chakuti khomo ndi sukulu zizilankhulana. Kaundula amene mphunzitsi amaitana m'mawa uliwonse ndi chida champhamvu. Mwana akajomba masiku awiri otsatizana, uthenga ufike kwa makolo kudzera kwa gulu la amayi kapena komiti ya sukulu. Nalo kholo lisadikire tsiku lotsekera sukulu. Lipite kukafunsa pakati pa teremu.

Mafumu akhazikitse malamulo a m'mudzi oletsa ana kupezeka m'nyumba za kanema ndi m'malo omwera mowa nthawi ya sukulu. Makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC aike nkhaniyi pa mndandanda wa zokambirana, monga amachitira ndi milatho ndi mijigo, ndipo ogulitsa mowa kwa ana akanenezedwe kupolisi ndi kukhonsolo. Wodi ikhoza kumanga midadada ya sukulu yokongola, koma phindu lake lidzaoneka pokhapokha ana ali m'katimo.

Mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Aliyense wokumana ndi mwana wovala yunifolomu pamsika nthawi ya maphunziro amufunse kumene akupita, ndipo akadziwitse makolo ake tsiku lomwelo.