Tiike Linux Yotani M'makompyuta a Sukulu Yathu?



Makompyuta amene tinasonkhera aja afika. Komiti yagwirizana zoikamo Linux, popeza ndi yaulere ndipo imayenda ngakhale pa makina okalamba. Pamene tasiyana maganizo ndi apa: titenge mtundu wa Linux wosinthidwa pafupipafupi, kapena wodekha?

Fedora imatuluka yatsopano pa miyezi 6 iliyonse, ndipo eni ake amaisamalira kwa miyezi pafupifupi 13 basi. Arch ilibe n'komwe tsiku lotulukira, zosintha zimangobwera mosalekeza. Debian, imene Ian Murdock anaiyambitsa mu 1993, imatenga pafupifupi zaka ziwiri isanatuluke ina. Ubuntu, ya Mark Shuttleworth wa ku South Africa, imayenda njira zonse ziwiri. Imatuluka mu Epulo ndi mu Okutobala, n'kusamalidwa miyezi 9, koma pa zaka ziwiri zilizonse pamatuluka ya LTS imene amaisamalira zaka 5.

Achinyamata a m'komiti akufuna zothamangazo, ndipo mfundo ali nayo. Mtundu wodekha umakhala ndi mapulogalamu a dzana, ndipo nthawi zina sudziwa pulinta yongotuluka kumene.

Koma tamverani izi. Mu Malichi 2024, katswiri wina, Andres Freund, anadabwa kuona kuti kulowa m'kompyuta yake kukuchedwa ndi theka la sekondi. Atafufuza anapeza kuti m'kapulogalamu kotchedwa xz munthu wina anabisamo khomo loti akuba azilowera. Khomolo linali litafika kale m'mitundu yoyeserera ya Debian ndi Fedora. Debian yodekha ija silinaifike, chifukwa inali ikugwiritsabe ntchito xz yakale. Sindikuti wodekhayo sagwidwa ndi vuto, ayi. Nayenso amalandira zigamba zotseka mipata ya akuba, ndipo tiyenera kumaziika. Kungoti zina zonse amazisiya momwe ziliri.

Tsono taganizani za kuno. Katswiri wa makompyuta palibe. Amene adzayang'anire chipindacho ndi mphunzitsi yemwe ali kale ndi makalasi ake, ndipo bandulo ya intaneti idzachokera m'thumba la bungwe lathu lomweli. Kuofesi kwathu ndinaonapo ntchito itaima masiku awiri chifukwa wina anasintha pulogalamu Lachisanu madzulo. Tangoganizani zitachitika sabata ya mayeso a MSCE.

Choncho, a Wapampando, ndikupempha kuti tiike Debian yodekha, kapena Ubuntu 24.04 LTS imene idzasamalidwa mpaka 2029. Kompyuta imodzi yokha tiipatule, tiikemo Fedora, kuti ana achidwi aziiononga ndi kuikonza momwe angafunire.