Mau a Cingerezi ndi Abale Ao a m'Cifalansa

Nkhani yanga iri pa mau a Cingerezi amene timalemba pabolodi tsiku ndi tsiku, osazindikira kuti ambiri mwa iwo kwao ndi ku France.

Kapena wina afunsa kuti, "Nanga ife a kumidzi Cifalansa citipindulira ciani?" Tiyeni tiponye maso ku Lusaka, kumene ena a ife tidzatumizidwa tsiku lina, ndi kumene ana athu ambiri amapita akacoka m'manja mwathu. M'makomboni monga Chawama, Kanyama ndi George mukhala mabanja ocokera ku Congo, ku Rwanda ndi ku Burundi. Ena anathawa kuphana kwa ku Rwanda m'caka ca 1994, ena nkhondo za ku Congo zimene zinabuka mu 1996 ndi mu 1998, ndipo ena anangodza ndi malonda podzera pa Kasumbalesa. Pakati pa ana ao alipo amene anayamba sukulu m'Cifalansa. Mwana wotere akalowa m'kalasi amangoti duu, ndipo mphunzitsi wosadziwa amamuyesa mbuli namuika kumbuyo, pamene mwanayo ali nao kale mau a Cingerezi mazana-mazana, angosowa womuuza.

Cibale ca zinenero ziwirizi cinayamba motere. M'caka ca 1066 William wa ku Normandy, dera la kumpoto kwa France, anagonjetsa mfumu Harold pa nkhondo ya ku Hastings nalowa ufumu wa England. Kwa zaka pafupi-fupi 300 Cifalansa ndico cinali cinenero ca kunyumba ya mfumu ndi ca kubwalo la mirandu, kufikira mu 1362 pamene anaika lamulo lakuti mirandu izikambidwa m'Cingerezi. Ncifukwa cace mau a za boma afanana: government ndi gouvernement, parliament ndi parlement, judge ndi juge. Ngakhale m'mbale momwe Cifalansa cinalowa, pakuti nkhumba iri m'khola ndi pig, koma nyama yace ndi pork, kucokera ku porc. Ng'ombe ndi cow, koma nyama yace ndi beef, kucokera ku bœuf. Nkhosa ndi sheep, koma nyama yace ndi mutton, kucokera ku mouton. Zotere si zacilendo kwa ife. Mau athu akuti kalata tinawalandira kwa Apwitikizi amene amati carta, ndipo abale ace ndi carte wa Afalansa ndi card wa Angerezi.

Tsono ndikupatseni makiyi anai. Loyamba, mau ambiri otsiriza ndi -tion alembedwa cimodzimodzi, monga nation, addition, question; asiyana kachulidwe kokha. Laciwiri, pamene Mfalansa atsiriza ndi -té, Mngerezi aika -ty: liberté ndi liberty, qualité ndi quality. Lacitatu, kacipewa ka pamwamba pa lemba kawiri-kawiri kasonyeza kuti panali s amene anatayika: hôpital ndi hospital, forêt ndi forest. Lacinai, é wa poyamba nthawi zina aimira s: état ndi state, étranger ndi stranger. Makiyi awa athandizanso ana a kumudzi, pakuti mwana akaona mau m'mabanja ao saiwala msanga kalembedwe kace.

Koma cenjerani, pakuti si onse ofanana nkhope ali apacibale eni-eni, ndipo ngakhale apacibale ena anapatukana njira. Kwa Mfalansa librairie ndi sitolo yogulitsa mabuku, pamene library ya Mngerezi ndi nyumba yobwereka mabuku. Pain kwa Mngerezi ndi ululu, koma kwa Mfalansa ndi buledi. Attendre ndi kudikira, si kupezeka pa msonkhano monga attend. Oopsa koposa ndi mau akuti demander, amene m'Cifalansa atanthauza kupempha cabe. Mwana akanena kwa mphunzitsi kuti "I demand a pencil," iye mumtima mwace wapempha mwaulemu, koma m'makutu a Cingerezi walamula mwamwano. Mwana angalangidwe popanda cifukwa pa mau amodzi okhawa.

Cotero pempho langa ndi ili. Mwana wodziwa Cifalansa akadza m'kalasi mwanu, musamuletse cinenero cace. Gawani bolodi patatu, mulembe Cinyanja, Cingerezi ndi Cifalansa, ndipo mzere wacitatuwo mumpatse iye coko alembe yekha. Pambali musunge kabuku ka mau onyenga aja, muziwabwereza sabata ndi sabata. Potero mlendoyo apeza ulemu pakati pa anzace, nao anzacewo atolapo cuma. Kumbukirani kuti likulu la COMESA, bungwe la zamalonda limene linakhazikitsidwa mu 1994, liri mu Lusaka momwemo, ndipo Cifalansa ndi cimodzi mwa zinenero zace za nchito.

Makolo athu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Tiyeni timulandire bwino, kuti kalumoko katimete tonse.