Mafuta abwino amayambira m'mbewu: mawu a mlangizi wa zaulimi pa chikondwerero cha zaka 10

Zaka 10 si masewera. Ambiri mukukumbukira kuti tinkagulitsa mpendadzuwa kwa mavenda pa sikelo yawo, mtengo n'kutchula okha. Lero tikuyenga tokha mafuta. Tiziyamika.

Koma pali funso limene amayi ena anandifunsa ku makina oyengera, ndipo tsiku limenelo ndinayankha mwachidule. Anati: "Alangizi, bwanji mafuta athu akakhalitsa pa shelefu amayamba kununkha ndi kuyabwa pakhosi, pomwe ena amakhala nthawi yaitali?" Lero ndiyankhe bwinobwino, chifukwa wogula akakhumudwa kamodzi sabweranso.

Mafuta amene timaona ngati chinthu chimodzi m'botolo ndi osakanikirana. Mitundu ikuluikulu ilimo iwiri: oleiki ndi linoleiki. Linoleiki ndi wofunika m'thupi, ndipo thupi silingathe kumupanga lokha, koma sachedwa kuwonongeka akakumana ndi mpweya, dzuwa ndi kutentha. Oleiki ndi wopirira: amakhalitsa, ndipo amalimba pamoto wokazingira mandasi kapena tchipisi. Mpendadzuwa wamba uli ndi linoleiki wambiri, nthawi zambiri kupitirira theka la mafuta ake. Chiyambi cha fungo lija n'chimenecho.

Nanga njere imapanga bwanji mafuta awiriwa? Taganizirani za kuchigayo. Chimanga chimayamba chalowa m'chokonola n'kutuluka mphale, kenaka mphale ilowa m'chopera n'kutuluka ufa. M'njere namonso zili choncho: imayamba yapanga oleiki, kenaka kachipangizo kena ka m'kati mwake kamasandutsa oleikiyo kukhala linoleiki. Chopera chikawonongeka, chimaunjikana n'chiyani? Mphale. Kachipangizo kaja kakafooka, m'njere mumadzaza oleiki.

Akatswiri a mbewu atazindikira kuti chibadwa cha mbewu chikhoza kusinthika, anayamba kuviika njere m'mankhwala amphamvu amene amasokoneza chibadwacho apa ndi apo. Mankhwalawo sasankha pogunda. Njere zina sizimera n'komwe, zina zimatuluka zopuwala. Akatswiriwo amadzala zotsalazo, n'kumapima mafuta a mbewu iliyonse mibadwo ingapo, kufunafuna imodzi imene yasintha mokomera mlimi.

Umu ndi mmene zinachitikira ku Krasnodar, m'dziko la Russia. Katswiri wina dzina lake Soldatov anaviika njere za mpendadzuwa m'mankhwala otchedwa dimethyl sulfate, ndipo mu 1976 analengeza za mbewu yotchedwa Pervenets, imene oleiki wake anafika pafupifupi magawo 70 pa 100 alionse. Mbewu zambiri za mpendadzuwa wa oleiki wochuluka zimene zikulimidwa padziko lero zinachokera ku mbewu imeneyo.

Mpendadzuwa uli ndi m'bale wake wotchedwa safulawa, chomera chaminga cha maluwa achikasu kapena ofiirira, chimene chimalimidwa kwambiri ku Kazakhstan, India ndi Mexico. Safulawa wamba ali ndi linoleiki woposa magawo 70 pa 100. Mtundu wake wa oleiki wochuluka unapezeka mwachilengedwe pakati pa mbewu zochokera ku India, ndipo katswiri Paul Knowles wa ku California anaukonza kuti ulimidwe. Akatswiri ena aviikanso njere za safulawa m'mankhwala monga EMS kuti asinthe kuchuluka kwa mafuta awiriwa. Choncho kusintha kotereku kumachitikanso kokha m'chilengedwe, mankhwala amangofulumizitsa.

Ndichenjezeretu pano, poti ndikuwadziwa abambo ena okonda kuyesa zinthu. Mankhwala amenewa ndi poizoni woopsa, oyambitsa khansa, ndipo ntchito yoviika njereyi imachitikira m'malabotale mokha. Si mankhwala oteteza mbewu aja amene timaona pa njere zogula m'sitolo. Komanso musaope kuti ali m'mafuta: amaviika njere za m'badwo woyamba basi, chimene chimapitirira kwa ana ake ndi chibadwa chosinthikacho, osati mankhwalawo.

Tsono ife zikutikhudza bwanji? Zinthu zinayi.

Choyamba, pogula mbewu tisamangofunsa matumba pa ekala. Tizifunsanso kuti ili ndi mafuta ochuluka bwanji, ndipo ndi a mtundu wanji. Ife ndife oyenga, sitigulitsanso njere.

Chachiwiri, tisiye kubwereza mbewu ya haibulidi. Njuchi zimasakaniza mungu wa minda yoyandikana, ndipo zimene akatswiri anasankha kwa zaka zambiri zimasungunuka m'nyengo zochepa. Kalabu iliyonse igwirizane mbewu imodzi, ndipo kunkhokwe tisasakanize matumba a mitundu yosiyana.

Chachitatu, nyengo nayo ili ndi mbali yake. Mpendadzuwa wamba ukakhwimira kotentha, monga m'mbali mwa nyanja, umakhala ndi oleiki wochulukirapo kusiyana ndi wokhwimira kozizira ngati ku Dedza. Tikamagula njere za kutali tizilemba kumene zachokera.

Chachinayi, ngakhale mbewu yabwino siipulumutsa mafuta osasamalidwa. Njere ziume bwino tisanayenge, zigubu zikhale zoyera ndi zotseka, ndipo mabotolo tisawaike padzuwa pamsika kuti anthu awaone. Dzuwa lomwelo ndi limene likuwaononga.

Amayi aja amene munandifunsa, yankho lanu ndi limeneli. Musasiye kufunsa, pakuti safunsa anadya phula. Nkhani ya mbewu ya chaka chino ndapempha a komiti kuti tiikambirane pamsonkhano wathu mvula isanagwe, ndipo aliyense abwere ndi chikalata cha pa thumba la mbewu imene anadzala chaka chatha.