Nsapato zikayamba kuthina munthu wamkulu



Mapazi a munthu wamkulu sakulanso. Ndiye ngati nsapato zayamba kukuthinani, mphete siikulowa, chibwano chikutalika, mano akutalikirana, thukuta silikutha, musafulumire kunena kuti mwanenepa kapena mwalodzedwa. Kunsi kwa ubongo, kuseri kwa mphuno, kuli kachiwalo kakang'ono ngati nsawawa kotchedwa pituitary, kamene kamatulutsa timadzi tokulitsa thupi. Pakamera chotupa pamenepo, nthawi zina timadzito timachuluka. Matendawa madokotala amawatcha acromegaly. Kawirikawiri chotupachi si khansa, ndipo sichipatsirana.

Kuipa kwake, chimakula pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, moti ngakhale a m'nyumba mwanu sazindikira. Mukamazengereza chimabweretsa shuga, BP, mutu wosatha, mwinanso kusaona m'mbali.

Pitani kuchipatala cha Ulónguè mutatenga chithunzi chanu chakale, ngakhale cha pachiphaso, kuti adokotala ayerekeze nkhope. Pamafunika kuyeza magazi ndi kujambula mutu kuchipatala chachikulu. Chotupacho amachichotsa podzera m'mphuno, ena amabayidwa jakisoni mwezi uliwonse. Mafupa sabwerera mwakale, koma kutupa kumaphwa, thukuta limachepa.