Mbiri ya Nyumba ya Masewero ya Globe mu Mzinda wa London



Dzina la William Shakespeare lidziwika m'masukulu ambiri, ndipo ana ena alichula ndi mantha monga dzina la mayeso. Koma munthu ameneyu sanalembe masewero ace kuti awerengedwe m'kalasi. Anawalemba kuti acitidwe pamaso pa anthu, makamaka m'nyumba ina ya ku London yochedwa Globe. Mbiri ya nyumbayo ndiyo mutu wa nkhani ino.

Ciyambi cace ndi mlandu wa malo. Mu 1576 James Burbage anamanga nyumba ya masewero ku Shoreditch, kumpoto kwa London, pa malo amene anabwereka kwa Giles Allen zaka 21. Zakazo zitatha mu 1597, awiriwo sanamvane za cipangano catsopano, ndipo mwini malo anafuna kuti nyumbayo ikhale yace. James anamwalira caka comweco, nasiyira mlanduwo ana ace, Richard ndi Cuthbert. Pa 28 December 1598, mwini malo ali kutali, anawo anadza ndi mmisiri wa matabwa, Peter Street, nayamba kuphwasula nyumbayo mtanda ndi mtanda. Pambuyo pace anaolotsa mitengoyo mtsinje wa Thames, ndipo mu 1599 anamangira nayo Globe ku Southwark, tsidya la kumwera.

Malowo sanawasankhe wamba. Akulu a mzinda wa London anadana nao masewero, nanena kuti asokeretsa anyamata a nchito ndi kufalitsa matenda. Koma mphamvu yao sinafike ku dera limenelo. Ndalama zomangira zinaperewera, ndipo popeza mutu umodzi susenza denga, ana a Burbage anasunga theka la umwini, nagawira theka linalo osewera asanu, mmodzi wa iwo ndiye Shakespeare. Cifukwa cace mlembiyu anayenera kulemba zokoka anthu a mitundu yonse, pakuti nyumba ikadzaza anapindula, ikakhala yopanda anthu anataya.

Nyumbayo inali ngati yozungulira, ya nsanjika zitatu, ndi denga la udzu pamwamba pa mipando. Pakati pace panali bwalo lopanda denga. Nsanja ya osewera inalowa m'bwalomo, ndipo anthu anaizinga mbali zitatu. Akatswiri awerengera kuti munali kulowa anthu ngati 3,000. Wopereka kobiri limodzi anaima ciriri m'bwalo, mvula ndi dzuwa ziri zace. Wa makobiri awiri anakhala pansi pa denga. Masewero anali kuyamba ca m'ma 2 koloko masana, popeza nyali yao inali dzuwa. Panalibe zithunzi zazikulu zoonetsa nkhalango kapena nyanja: wosewera ananena ndi pakamwa pamene ali, omvera naona ndi maganizo. Akazi sanali kusewera, motero mbali zao anacita ndi anyamata. Pa nsanja yotere panaoneka Julius Caesar, Hamlet, Othello, King Lear ndi Macbeth, wolemera ndi wosauka alikumvera pamodzi.

Masoka ace anali atatu. Loyamba ndi mliri: ukabuka, boma linali kutseka nyumba zonse za masewero kwa miyezi, monga mu 1603, osewera nakhala opanda malipiro. Laciwiri ndi moto. Pa 29 June 1613, alikucita sewero la Henry VIII, anaomba mzinga, ndipo cinthu coyaka cinagwera pa udzu. Anthu, maso ali pa sewero, sanasamale utsi, kufikira moto unazinga denga lonse, nupsereza nyumba. Palibe anafa, Sir Henry Wotton analemba m'kalata kuti munthu mmodzi buluku lace linagwira moto, nauzima ndi botolo la mowa. Mu 1614 anamanganso nyumbayo, nafolera ndi njerwa zopyapyala m'malo mwa udzu. Lacitatu ndi lamulo. Mu 1642, poyamba nkhondo pakati pa Nyumba ya Malamulo ndi Mfumu Charles woyamba, Nyumba ya Malamulo inaletsa masewero onse. Posacedwa Globe inagwetsedwa, ndipo pamene masewero analoledwanso mu 1660, iyo kunalibe.

Nanga cinapulumuka nciani? Shakespeare anamwalira mu 1616, masewero ace ambiri asanasindikizidwe. Anzace awiri a m'gulu, John Heminges ndi Henry Condell, anasonkhanitsa mapepala, ndipo mu 1623 linaturuka buku la masewero 36. Mwa amenewo, 18 anali asanasindikizidwepo, monga Macbeth, Julius Caesar ndi The Tempest. Akadapanda kutero anthu awiriwa, masewero amenewo mwina akadatayika pamodzi ndi nyumba.

Mu 1949 wosewera wa ku America, Sam Wanamaker, anafika ku London nafuna kuona pamene panali Globe. Anapeza cikwangwani cokha pa khoma la nyumba yofuliramo mowa. Mu 1970 anayambitsa bungwe lofuna kuimanganso, napempha ndalama zaka zoposa 20, ambiri alikumseka. Wojambula mamangidwe ace anali Theo Crosby, wobadwira ku South Africa. Mu 1989 ofukula anapeza mbali ina ya maziko akale. Wanamaker anamwalira mu 1993, nchito isanathe, ndipo Mfumukazi Elizabeth waciwiri inatsegula nyumba yatsopano mu June 1997, mamita ngati 230 kucokera pa malo akale. Inamangidwa ndi mitengo ya oak, nifoleredwa ndi bango, denga loyamba lotere kuloledwa mu London kuyambira moto waukulu wa 1666. Koma tsopano pa dengapo pali mipope ya madzi ozimira moto. Mulowa anthu ngati 1,500, ndipo 700 a iwo aima m'bwalo monga kale.

Africa nayenso anaika dzanja pa colowa cimeneci. Sol Plaatje anamasulira The Comedy of Errors m'Citswana mu 1930, ndi Julius Nyerere anamasulira Julius Caesar m'Ciswahili mu 1963. Mu 1997 uMabatha, ndiye Macbeth wa Cizulu wolembedwa ndi Welcome Msomi, anacitidwa pa nsanja ya Globe. Mu 2012 masewero 37 anacitidwa pomwepo m'zinenero zosiyanasiyana, ndipo Cishona ndi Ciswahili zinamveka.

Mphunzitsi wa ku mudzi angatolepo zinthu ziwiri. Coyamba, asanene kuti sukulu lace silingacite sewero cifukwa liribe holo kapena magetsi. Hamlet anacitidwa masana, pa bwalo, omvera atazungulira. Bwalo ndi dzuwa ziripo pa sukulu liri lonse. Ana aimirire, alankhule mokweza, ayang'ane omvera, ndipo mau amene anali ouma m'buku adzamveka. Caciwiri, sewero limene ana apeka okha, kapena nthano imene agogo asimba, mphunzitsi ailembe m'kope, naisunge pouma. Globe inapsa, nigwetsedwa, niiwalika zaka mazana atatu; inauka cifukwa Heminges ndi Condell anasunga mapepala.