Kuwerenga Sikuthera pa Nthawi ya Chichewa

Mawu kwa aphunzitsi ndi makolo a m'chigwa cha Kasungu

Aphunzitsi, makolo ndi mafumu, nkhani ya lero ndi ya mwana wodziwa kutchula mawu a m'buku la Chichewa koma wosamva zimene zalembedwa pa pepala la fodya wa atate ake. Ana otere alipo ambiri m'midzi ya Santhe, Chamama ndi Chulu. Belu la phunziro la kuwerenga likalira, mwanayo atseka buku, ndipo kuwerenga kwatha kufikira mawa.

Chaka cha 1994 boma linachotsa fizi m'sukulu za pulaimale, ndipo ana anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupi ndi 3 miliyoni. Chaka cha 2016 boma linayambitsa ndondomeko yophunzitsa kuwerenga Chichewa ndi Chingerezi m'makalasi oyamba. Zimenezi ndi zabwino. Koma mphunzitsi wa Masamu kapena wa Ulimi akanena kuti kuwerenga ndi ntchito ya mnzake, mwana ndiye alipira. Pofika Sitandade 5 mabuku a maphunzirowa ali m'Chingerezi, ndipo mayeso a Sitandade 8 afunsa m'Chingerezi chomwecho. Mwana angadziwe bwino kuchotsera, nalephera funso chifukwa sanamve kuti funsolo likufuna kuchotsera.

Tsono mphunzitsi wa Masamu achite chiyani? Apemphe kwa kholo lina pepala lakale logulitsira fodya ku msika wa Chinkhoma, afute dzina, alikopere pa bolodi. Pamenepo pali nambala ya belo, makilogalamu, mtengo wa kilogalamu m'madola, ndi ndalama zodulidwa. Ana ayambe awerenga mawuwo mokweza, anene tanthauzo lake m'Chichewa, ndipo pambuyo pake achulukitse ndi kuchotsera. Potsiriza mwana aliyense alembe chiganizo chathunthu chonena ndalama zimene mlimi atenga kunyumba. Nambala yokha siikwanira. Mphunzitsi aumirire chiganizo. Ena adzati nthawi siilola. Zoona, kalasi ndi lalikulu, koma ntchitoyi idya mphindi 10 zokha.

Pa phunziro la Ulimi, ana alembe tsiku ndi tsiku zochitika pa dimba la sukulu: tsiku lofesa nazale, tsiku lowokera, tsiku lothira feteleza. Mawu monga chigafa, kusoka ndi jeke awadziwa kale ndi pakamwa, ndipo mawu amene mwana awadziwa savuta kulemba. Pa Sayansi, mphunzitsi akopere malangizo a pa botolo la mankhwala ophera tizilombo (botolo lenilenilo lisalowe m'kalasi), ana apeze pamene panenedwa muyezo ndi pamene panenedwa choyenera kuchita munthu akamwa mwangozi.

Makolo amene anakhalapo matenanti m'maesiteti akumbukira buku la ngongole. Chimanga, mchere ndi feteleza zinkalembedwa mmenemo, ndipo pakutha pa nyengo munthu wosawerenga ankangovomera zimene wauzidwa. Lamulo la 2021 linaletsa utenanti, koma mapepala sanathe: alimi ambiri tsopano alima pa mgwirizano ndi makampani ogula fodya, ndipo mgwirizanowo usayinidwa. Kholo lisabise pepalalo m'sutikesi. Madzulo limpatse mwana aliwerenge mokweza, ndipo mawu amene awakanika onse awiri, mwanayo apite nawo kwa aphunzitsi m'mawa.